EDGE, LEED, Green Star kapena BREEAM: satifiketi iti ikuyenera nyumba ya maofesi yomwe inamangidwa kale mu Lusaka?

Kalata imabwera kuchokera kwa wochita lendi wamkulu, kapena ku banki komwe mukupempha ngongole yokonzera nyumba, ndipo funso lake limakhala limodzi: kodi nyumba yanu ili ndi satifiketi yosonyeza kuti imasamala magetsi, madzi ndi chilengedwe? Kwa amene akumanga kumene, yankho limayambira pa pulani. Koma nyumba zambiri za maofesi ndi mashopu mu Lusaka zinaima kale, zina kuyambira zaka za m'ma 1970 monga za mu Cairo Road, zina za posachedwapa ku Rhodes Park, Longacres ndi m'mbali mwa Great East Road. Makoma ake simungawatembenuze kuti apewe dzuwa. Chomwe chatsala m'manja mwanu ndi kayendetsedwe kake: maeyakoni, mababu, mapampu, jenereta, zinyalala, ndi mabuku olembamo zonsezi.

Masatifiketi anayi amalandira nyumba zomwe zikugwiritsidwa kale ntchito: EDGE, LEED O+M, Green Star ndi BREEAM In-Use. Pali njira yachisanu, yoyendetsa nyumba mwadongosolo popanda satifiketi, yomwe eni nyumba ambiri kuno ayenera kuiganizira mofatsa.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Choyamba, funsani kuti satifiketiyo imayeza chiyani. Ina imayang'ana zipangizo zomwe mwaika, n'kuwerengera pa kompyuta zomwe zipangizozo zikuyenera kupulumutsa. Zina zimafuna manambala enieni a miyezi 12: magetsi, madzi ndi zinyalala zomwe nyumba yadya ndi kutulutsa. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa mitengo.

Chachiwiri, ndani adzaiwerenge? Banki, kampani ya ku America, mwini masheya wa ku Johannesburg ndi wa ku London aliyense ali ndi dzina lomwe analizolowera. Mufunseni yemwe wakupemphaniyo musanalipire kalikonse.

Chachitatu ndi manambala, ndipo apa ndi pomwe nyumba za mu Lusaka zimapunthwa. Magetsi athu ambiri amachokera ku madzi, ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Chilala cha 2024 chitachepetsa kwambiri madzi a Kariba, madera ambiri ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Bilu ya ZESCO, kampani ya boma ya magetsi, ya miyezi ngati imeneyo imaoneka yaing'ono, ngati kuti nyumba ikusamala, pomwe jenereta ikumwa dizilo kuseri. Jenereta yoyendetsa zipangizo zolingana ndi mphamvu zake imadya pafupifupi malita 0.3 pa kWh (yuniti ya magetsi) iliyonse, ndipo lita imodzi ya dizilo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a mpweya wa kaboni. Choncho kWh imodzi ya jenereta ili ndi kaboni pafupifupi makilogalamu 0.8. Wofufuza wa satifiketi aliyense wodziwa ntchito adzapempha malisiti a dizilo, maola omwe injini yayenda, ndipo akapeza mita ya kWh pa waya wotuluka ku jenereta ntchito imapepuka.

Kumadzi nkhani ndi yomweyo. Nyumba zambiri zimatunga mbali ziwiri, ku mapaipi a Lusaka Water Supply and Sanitation Company ndi ku borehole. Borehole imayenera kulembetsedwa ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi, koma kawirikawiri ilibe mita, kapena mita yake inauma kalekale ndi layimu, pakuti pansi pa Lusaka pali miyala ya layimu ndipo madzi ake amasiya zoyera zouma paliponse pomwe adutsa. Palinso ochita lendi omwe aliyense amagula yekha mayunitsi pa mita yake. Ngati pangano la lendi silikuwauza kuti azipereka manambala awo mwezi ndi mwezi, simudzadziwa zomwe nyumba yonse ikudya.

Njira iliyonse tiiona pa mitu inayi: mtengo, kupezeka, kusamalira ndi zoopsa.

EDGE

EDGE inapangidwa ndi IFC, nthambi ya World Bank Group, poganizira maiko omwe akutukuka. Lamulo lake n'lachidule: nyumba ipulumutse 20 peresenti ya magetsi, 20 peresenti ya madzi, ndi 20 peresenti ya kaboni yemwe amatuluka popanga zipangizo zomangira. Mukafika 40 peresenti pa magetsi mumalandira EDGE Advanced. Pamwamba pake pali Zero Carbon, ya nyumba yomwe kayendetsedwe kake sikaonjezera kaboni mumlengalenga.

Mtengo: Pulogalamu yowerengera ndi yaulere pa intaneti, ndiye mutha kuyesa nyumba yanu musanalipire ngwee. Zolipira ndi kulembetsa, satifiketi yeniyeniyo, ndi wofufuza wovomerezeka yemwe amabwera kudzaona ndi maso. Mwa anayiwa, EDGE ndiyo kawirikawiri imakhala yotsika. Ndalama zambiri zimapita ku zipangizo. Tiyerekeze nyumba ya machubu 400 akale a 36W: mukaika a LED a 18W, oyaka maola 10 pa tsiku masiku 260 pa chaka, mwachotsa 18,720 kWh pa chaka. Kumadzi, mathanki a zimbudzi a malita 9 amalowedwa m'malo ndi a mabatani awiri, a malita 6 ndi 3, ndipo ku mipope kumaikidwa tizisefa tochepetsa madzi. Gawo la zomangira silivuta kwenikweni pa nyumba yakale, chifukwa makoma, denga ndi pansi zomwe zapitirira zaka 5 zimawerengedwa ngati zogwiritsidwanso ntchito.

Kupezeka: Zonse zimayendera pa intaneti kupatula ulendo wa wofufuza. Injiniya wa kuno wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia atha kuphunzira pulogalamuyi n'kukonza mapepala. Sungani malisiti ndi mapepala a zipangizo zonse, pakuti wofufuza amafuna umboni wa mawati a babu ndi malita a mpope, osati mawu a wogulitsa.

Kusamalira: Pa masitepe awiri oyamba satifiketi imaperekedwa kamodzi, simubwereranso. Zero Carbon yokha ndiyo imafuna manambala enieni ndi kuikonzanso pakapita zaka.

Zoopsa: Pali ziwiri. Choyamba, 20 peresentiyo sayerekeza ndi momwe nyumba yanu inalili kale, koma ndi nyumba wamba ya mtundu womwewo yomwe pulogalamu imaiganizira pa malo anu. Mutha kuchepetsa bilu yanu kwambiri koma osafikabe pa mzere, makamaka ngati magalasi akuluakulu akuyang'ana kumadzulo ndipo maeyakoni ndi akale. Chachiwiri, popeza palibe wobweranso kudzaona, nyumba imabwerera m'mbuyo mwakachetechete. Kasefa ka pampope kakatsekeka ndi layimu, madzi amatuluka mopendekera n'kunyowetsa malaya a anthu, woyeretsa amakamasula n'kukataya, ndipo mpope umayambanso kukhuthula monga kale. Mankhwala ake n'ngotsika mtengo: kumasula tizisefa miyezi itatu iliyonse, kutiviika mu viniga usiku umodzi, ndi kusunga tina m'sitolo.

LEED O+M

LEED ndi ya U.S. Green Building Council, ndipo masatifiketi amaperekedwa ndi bungwe lina lotchedwa GBCI. Gawo la O+M, kutanthauza kayendetsedwe ndi kasamalidwe, ndi la nyumba zomwe zakhala zikugwira ntchito kwa chaka kapena kuposerapo. Mapointi 40 amapereka Certified, 50 Silver, 60 Gold, 80 Platinum. Mu mtundu wa v4.1 manambala amalowetsedwa pa Arc, pulogalamu ya pa intaneti, m'magawo asanu: magetsi, madzi, zinyalala, mayendedwe a ogwira ntchito, ndi momwe anthu akumvera m'nyumbamo. LEED v5 inatuluka mu 2025, choncho onani mtundu womwe ukulandiridwa pa tsiku lomwe mukulembetsa.

Mtengo: Ndi wokwera. Zolipira ku GBCI zili m'madola ndipo zimatsata kukula kwa nyumba, koma mlangizi, kuyeza mpweya ndi kukonza zomwe zapezeka zolakwika ndi zomwe zimadya kwambiri. Kwacha ikagwa pakati pa ntchito, bajeti imasuntha nayo.

Kupezeka: Dzinali limadziwika kulikonse, ndipo makampani akuluakulu a kunja salifunsa kawiri. Pokonza bajeti, ikanimo ulendo ndi malo ogona a katswiri wa O+M wochokera ku Johannesburg kapena Nairobi, komanso kubwereka zida zoyezera mpweya zokhala ndi mapepala osonyeza kuti zinayesedwa.

Kusamalira: Walira mvula walira matope. Mu v4.1 satifiketi imakhala zaka 3, ndipo manambala ayenera kulowa chaka chilichonse. Pamafunika kufufuza kagwiritsidwe ntchito ka magetsi pa mlingo woyamba wa ASHRAE (bungwe la mainjiniya la ku America), ndondomeko zolembedwa za kagulidwe ka zinthu, kayeretsedwe ndi kakonzedwe, kufunsa ogwira ntchito m'nyumbamo chaka ndi chaka, ndi kuyeza mpweya wa kaboni ndi wa mankhwala m'zipinda. Osuta ayenera kutalikira mamita 7.5 kuchokera pa makomo. Zinyalala zimawerengedwa pa kulemera, pomwe magalimoto opita nazo ku malo otayira zinyalala a ku Chunga amalipiritsa pa ulendo kapena pa bini. Mudzafunika sikelo yanu pa malo a zinyalala, ndi munthu wolemba makilogalamu a mapepala, mabotolo, zotsala za chakudya ndi zotayidwa, chilichonse pachokha.

Pali mbali imodzi yomwe Lusaka imapindula nayo osadziwa. Gawo la mayendedwe limawerengera kaboni wa ulendo wa munthu aliyense wobwera ku ntchito. Komwe ambiri amabwera pa minibasi kapena wapansi, manambala amakhala abwino kuposa komwe aliyense amabwera yekha pa galimoto. Koma anthuwo ayankhe mafunso ndithu, kuphatikizapo alonda ndi oyeretsa, omwe nthawi zambiri amaiwalika chifukwa alibe imelo ya kampani.

Zoopsa: Chachikulu ndi mpweya wa kunja. Maofesi ambiri kuno amazizira ndi maeyakoni a pakhoma, omwe amangozungulitsa mpweya womwewo osalowetsa wina. Mawindo akatsekedwa chifukwa cha fumbi ndi phokoso, chipinda cha misonkhano chokhala ndi anthu khumi chimadzaza mpweya wopumidwa kale pasanathe nthawi, anthu n'kuyamba kuyasamula. LEED imafuna kuti mpweya wa kunja ulowe pa mlingo wake, ndipo ili ndi lamulo lomwe simungalidumphe. Kuboola makoma ndi kuika mafani ndi mapaipi a mpweya m'nyumba yomwe muli kale anthu kutha kudula kuposa satifiketi yeniyeniyo. Yezani mpweya musanalembetse. Choopsa china n'chakuti woyang'anira nyumba yemwe amadziwa Arc akachoka ntchito, miyezi imadumphidwa, ndipo mwezi wosowa manambala sungapekedwe.

Green Star Existing Building Performance

Iyi ndi ya Green Building Council South Africa, bungwe lomwe linayamba mu 2007. Monga LEED O+M, imayeza miyezi 12 ya kayendetsedwe kenikeni. Nyenyezi zimafika 6, ndipo pa msika anthu amayamba kutchera khutu kuyambira pa 4.

Mtengo: Uli pakati. Zolipira zimawerengedwa m'marandi, ndipo alangizi ali pafupi, ulendo wa pa ndege wa maola awiri.

Kupezeka: Kunja kwa South Africa, Green Star imagwira ntchito kudzera mu lipoti losintha malamulo ake kuti agwirizane ndi dziko lomwe nyumba ili. Lemberani bungwelo musanalembe mlangizi, likuuzeni polemba momwe nyumba ya mtundu wanu ku Zambia idzayezedwere. Ngati pali zoti zikonzedwe kaye, nthawi ndi ndalama zake zilowe mu bajeti.

Kusamalira: Satifiketi imakhala zaka 3. Imalimbikira kwambiri ubale wa mwini nyumba ndi ochita lendi: pangano la lendi lonena za magetsi ndi madzi, buku la kayendetsedwe ka nyumba, ndondomeko ya kukonza zipangizo nthawi yake isanakwane yowonongeka. Kwa malo a mashopu ambiri, ichi n'chothandiza ngakhale pakanapanda nyenyezi, chifukwa chimathetsa mkangano wa mwezi ndi mwezi wa yemwe wadya magetsi a m'makonde.

Zoopsa: Miyezo yake ya magetsi ndi madzi inachokera ku nyumba za ku South Africa, komwe magetsi ambiri ndi a malasha, pomwe athu ambiri ndi a madzi. Nyengo nayo imasiyana: Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja, Johannesburg ili pamwamba kuposa apo ndipo imazizira kwambiri m'chisanu. Mukapanda kugwirizana msanga za miyezo yoyerekezera, mutha kugwira ntchito chaka chathunthu osadziwa mzere womwe mukuthamangira.

BREEAM In-Use

BREEAM ndi ya BRE, bungwe lofufuza za zomangamanga ku United Kingdom, ndipo inayamba mu 1990. In-Use ili ndi magawo awiri, la nyumba yeniyeniyo ndi la kayendetsedwe kake, ndipo mutha kutenga limodzi lokha.

Mtengo: Zolipira ku BRE zili m'mapaundi ndipo si ndizo zolemera. Cholemera ndi wofufuza wa laisensi ndi ulendo wake.

Kupezeka: Mwa anayiwa, iyi ndiyo yosazolowereka kwambiri kuno.

Kusamalira: Mu mtundu wa 6 satifiketi imakhala zaka 3. Imafuna mapepala ambiri a umboni, kuphatikizapo a momwe nyumba yakonzekerera ngozi monga kusefukira kwa madzi, nkhani yomwe aliyense wodziwa misewu ya mu tauni mu January sangaipeputse.

Zoopsa: Kulipira dzina lomwe ochita lendi anu sakulidziwa. Ngati palibe mwini ndalama wa ku Ulaya yemwe waitchula, palibe chifukwa choiyambira.

Kuyendetsa mwadongosolo popanda satifiketi

Mtengo: Mamita ndi nthawi ya munthu mmodzi. Mita ya madzi pa borehole, ya kWh pa jenereta, ina pa nsanjika iliyonse kapena pa wochita lendi aliyense, ina pa mapampu ndi zikepe. Palibe cholipira kunja.

Kupezeka: Zonse zimagulidwa mu Lusaka momwemuno, ndipo amisiri a magetsi, a mapaipi ndi a maeyakoni alipo.

Kusamalira: Apa ndi pomwe pali phindu lenileni, ndipo ntchito zake ndi zomwezo zomwe masatifiketi onse amadalira. Werengani mita ya madzi Lachisanu madzulo anthu ataweruka, muwerengenso Lolemba m'mawa asanafike. Ngati yayenda kwambiri, pali thanki ya chimbudzi yomwe ikudontha, valavu ya thanki ya padenga yomwe sikutseka, kapena paipi yosweka pansi. Maeyakoni aikidwe pa 24°C, osati 16°C. Kutsitsa nambala sikufulumizitsa kuzizira, kumangoletsa kompuresa kupuma. Masefa ake atsukidwe mwezi uliwonse, ndipo kuyambira August mpaka October, fumbi likachuluka, masabata awiri aliwonse. Makina a kunja akakutidwa ndi fumbi amalephera kutaya kutentha ndipo amadya magetsi ambiri, makamaka mu October. Maeyakoni omwe akugwiritsabe ntchito gasi woziziritsa wa R22 alembedwe pa mndandanda wosinthidwa, chifukwa gasiyu akuthetsedwa pansi pa pangano la maiko la Montreal loteteza mlengalenga ndipo adzavuta kupeza.

Jenereta yaikulu kuposa katundu wake, kutanthauza zipangizo zomwe ikuyendetsa, imadwala. Ikamayenda nthawi yaitali pansi pa 30 peresenti ya mphamvu zake, dizilo sapsa yense, utsi umada, ndipo ku paipi ya utsi kumatuluka zamadzimadzi zakuda. Izi zimachitika kwambiri usiku, pomwe injini yonse ikuyendera mababu a alonda ndi chipinda cha makompyuta. Katundu wa usiku ngati ameneyo amayenera inveta ndi mabatire. Oilo wa injini zambiri amasinthidwa pa maola 250, ndipo m'nyengo ya kuzimazima kwa magetsi maola amenewa amakwana m'masabata ochepa, choncho tsatirani mita ya maola, osati kalendala. Nyumba zolipira ZESCO pa kVA, kutanthauza mphamvu yaikulu kwambiri yomwe zakoka nthawi imodzi, ziyang'anenso zomwe zimachitika magetsi akangobwera: maeyakoni, mapampu ndi zikepe zikayaka nthawi imodzi, kVA yolipirira mwezi wonse imakwera. Tizida tochedwetsa kuyaka, kuti zina ziyambe pakapita mphindi zingapo, timathetsa zimenezi.

Sola ya padenga imagwirizana bwino ndi maofesi chifukwa amadya masana, ndipo kuyambira 2024 dziko lili ndi malamulo a net metering olola kubweza magetsi otsala ku ZESCO. Injiniya aone kaye ngati denga lakale linganyamule kulemerako. Mapanelo azitsukidwa m'mawa kusanatenthe, ndipo madzi a borehole apukutidwe asanaume, kuti asasiye mawanga a layimu pa galasi.

Zoopsa: Palibe diso la kunja. Buku likadalira munthu mmodzi, limafa tsiku lomwe iye wachoka. Ndipo kwa banki kapena kampani ya kunja, manambala anu okha si umboni wokwanira. Bungwe lalikulu lofuna wofufuza wa kunja pa magetsi okha litha kutenga ISO 50001, yomwe imayendera zaka 3 ndi kuunikidwa chaka chilichonse, koma imeneyi ndi satifiketi ya dongosolo la bungwe, osati ya nyumba.

Iti kwa yani

Ngati mukukonzanso nyumba, kusintha mababu, maeyakoni ndi zimbudzi, ndipo ndalama zikuchokera ku banki yomwe ikufuna umboni woti ngongoleyo ndi yosamala chilengedwe, tengani EDGE. Yesani nyumbayo mu pulogalamu musanaode zipangizo, kuti musagule kawiri.

Ngati nyumba yonse kapena mbali yaikulu ili ndi wochita lendi mmodzi wa kunja, wa pangano la zaka zambiri, yemwe likulu lake latchula LEED, tengani LEED O+M, koma pokhapokha mutayeza mpweya wa m'zipinda ndipo muli ndi woyang'anira nyumba wolembedwa ntchito yokhazikika. Kambiranani kuti wochita lendiyo asenzeko mbali ya mtengo, popeza ndi iye akuifuna.

Malo a mashopu kapena maofesi omwe eni ake ali ndi nyumba zina ku South Africa apindula ndi Green Star, chifukwa malipoti a nyumba zonse adzalankhula chinenero chimodzi. BREEAM In-Use isiyireni nyumba yomwe mwini ndalama wa ku United Kingdom kapena ku Ulaya waipempha ndi dzina.

Nyumba ya nsanjika zingapo mu Cairo Road kapena ku Kamwala, yokhala ndi ochita lendi ang'onoang'ono makumi angapo, aliyense ndi mita yake ya mayunitsi, borehole yopanda mita ndi jenereta yomwe dizilo wake amagulidwa m'zigubu, isalembetse kaye kulikonse. Iyambe ndi njira yachisanu: mamita aikidwe mwezi uno, mawu opempha manambala alowe m'pangano lililonse la lendi likamakonzedwanso, ndipo buku lidzazidwe miyezi 12 yotsatizana, yophatikiza chisanu cha June ndi kutentha kwa October. Chaka chikatha, mwini nyumbayo akafuna LEED O+M kapena Green Star, manambala omwe amafunsidwa poyamba adzakhala ali kale m'kabati.